Masiku Anayi Amene Ndinasunga Bala la Esnati

Ana inu mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, ndiye ndalemba. Za ubwana wanga sindiwonongerapo pepala, mumazidziwa kale, ndipo theka lake ndi mabodza a azakhali anu. Chimene chandikhazika pansi mwezi uno ndi foni ya Tadala. Tsiku lija anandionetsa zithunzi za atsikana a m'tauni amene anakawonjezetsa mbina kunja, akuseka, amvekere agogo taonani, masiku ano munthu amachita kusankha yekha kukula kwake. Ndinamulanda foniyo n'kuitsekera m'kabati mpaka dzuwa kupendeka, ndipo nonse munati ukalamba wandiyamba. Si ukalamba ayi. Werengani kaye, mudzanditukwane bwino.

1984 mpaka 2005

Ndinayamba unamwino ndi uzamba pa kachipatala ka zipinda zitatu mbali ya Kaomba. Bwana wanga woyamba anali Sisitala Nyirenda, mayi wamtali wa kumpoto amene sankaseka ngakhale pa Khirisimasi. Masiku amenewo majekeseni anali agalasi, tinkawawiritsa pa pulayimasi, ndipo singano ikabuntha tinkachita kuinola. Mayi amenewa anandiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, kiyi wa kabati ya mankhwala amakhala m'chiuno mwa namwino, ngakhale popita kuchimbudzi. Chachiwiri, anthu athu amakhulupirira jekeseni kuposa china chilichonse. Munthu ukamupatsa mapiritsi amatuluka akung'ung'udza kuti sanathandizidwe, koma ukamubaya, ngakhale madzi okhaokha, amakafika kumudzi akukutama. Sisitala ankati singano iliyonse uziiwerenga, chifukwa ikangotuluka pachipata ikapeza dokotala wake kumudzi. Ndinakhala nawo zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwada, ndipo ndinadzawamvetsa atamwalira kale.

Kuchoka apo boma linandiponya uku ndi uku. Kumene ndinakhalitsa ndi kufupi ndi nkhalango, njira ya ku Lifupa, kumene njovu zinkatidyera chimanga cha kuseri kwa nyumba ife tikuonerera pawindo. Abambo anu anandisiya ndili kumeneko. Za kumeneko ndalemba kale m'kope lobiriwira, sindibwerezanso.

2006

Chaka chimenechi ananditumiza pa chipatala china pakati pa minda ya fodya. Dzina lake sindilemba, ndipo mayina a anthu a m'nkhani ino ndawasintha, chifukwa ena akadali moyo. Makuponi a feteleza anali atangoyamba kumene, ndipo dera lonse nkhani inali imodzi: walembedwa ndani, wadumphidwa ndani, wanong'oneza ndani. Anthu ankayang'anana m'mbali ngakhale m'tchalitchi.

Mkulu wa chipatalacho anali a Kamanga, amene odwala ankawatcha adokotala. Munthu wokayikira ngati ameneyu sindinamuonepo. Ankalemba mzere ndi bolopeni pa chigubu cha parafini wa firiji, m'mawa n'kudzayeza ngati watsika. Magolovesi ankatipatsa awiriawiri ngati maswiti. Sindingawanene kwambiri, chifukwa zinthu zinkasowadi. Thonje linkatha, mabandeji tinkachapa n'kuyanika, ambulansi ukaiitana lero inkabwera wodwala atachira yekha kapena ataikidwa kale. Koma kukhala ndi munthu amene amakuyang'ana m'manja tsiku lililonse kumatopetsa, ndipo ine ndi pakamwa pangapa tinkangokhalira kulimbana.

Wondipepuza mtima anali Nabanda, mayi wosesa ndi wothandiza m'wodi, amene anali atagwira pamenepo zaka khumi ndi zisanu. Tinkapemphera mpingo umodzi. Ankandibweretsera nsinjiro ndi mfutso, ndipo iwe Mphatso utadwala chikuku ndi iye amene anakusamala ine ndili kuntchito. Mwana wovuta pobaya ankamugwira ndi dzanja limodzi uku akumuimbira. Ndinkamutenga ngati mchemwali wanga wa bere limodzi.

Chaka chotsatira tinayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo, Lachiwiri lililonse, m'kachipinda ka kumapeto. Ndinaona ndi maso angawa anthu amene anabwera pa ngolo akubwereranso pa njinga akupalasa okha. Koma mankhwala a nthawi imeneyo anali ndi khalidwe lake loipa. Pakatha chaka kapena ziwiri, ena masaya ankalowa, miyendo inkauma mitsempha n'kumaonekera, mimba n'kukula, matako n'kuphwa psiti. Anthu a kumudzi sachedwa kuphunzira zotere. Pamzere wa makuponi, pamene mudzi wonse umaima tsiku lathunthu wina kumbuyo kwa mnzake, panali nthawi yokwanira yoyezana ndi maso. Mayi akangodutsa chitenje chili lendelende kumbuyo, amuna ankakodolana, amvekere uyo wayamba kuthira mayunitsi. Amayi anga a Lachiwiri anayamba kuvala zitenje zitatu mu Okutobala, ena n'kusokerera zidutswa za matiresi m'kati mwa siketi. Akandidandaulira ndinkawayankha mawu awiri okha: bola moyo. Ndinkaona ngati ndi yankho lanzeru.

Novembala 2009

Chinayamba kundidabwitsa ndi kugwada. Tsiku la sikelo amayi amakhala pansi pa mtengo, miyendo tambasu, ana pamiyendo, ife n'kumawaphunzitsa za phala ndi katemera. Mwezi umenewo ndinaona amayi atatu akugwada chigwadire kuyambira pemphero mpaka nyimbo yomaliza. A Kamanga podutsa anayamikira, akuti amayi a kuno ndiye aulemu, osati a kwawo. Agogo ena anawonjezera kuti ndiwo ana olangidwa amenewo. Ine mtima sunavomere. Ulemu wanji wa maola awiri pa miyala? Nditayang'anitsitsa ndinapeza zinthu ziwiri. Onse atatu anali anga a Lachiwiri, ndipo onse atatu mbina inali itabwerera, chonsecho masaya ali olowa monga kale.

Mmodzi mwa iwo anali Esnati, mayi wa ana awiri wa mbali ya Njombwa, wosafika zaka makumi atatu. Anapezeka ndi kachilombo ali woyembekezera mwana wachiwiri, ndipo sanauze munthu. Amuna ake, a Zimba, anali mkulu wa mpingo komanso mlembi wa komiti ya makuponi m'mudzi mwawo, munthu wa mawu ake. Esnati ankabwera Lachiwiri atasenza chimanga ngati akupita kuchigayo cha pafupi ndi ife, botolo la mankhwala n'kulikwirira mu ufa pobwerera. Sanadumphepo tsiku ngakhale limodzi.

Lolemba

Sikelo itatha ndinamuitanira m'chipinda n'kumuuza kuti akhale pa benchi. Anati aima, wakhalitsa kale. Ndinatseka chitseko n'kumuuza kuti amasule zitenje, apo ayi ndimasula ndine. Thako la kumanja linali litatupa, lonyezimira, lotentha, lolimba ngati dzungu losapsa. Panali timabala tiwiri ta singano. Nditafinya pang'ono panatuluka mafinya osakanikirana ndi mafuta, ndipo fungo lake linali la mafuta odzoza makanda. Ndinakalipa, ana inu, mpaka mwana wake kumsana anayamba kulira. Ndinamufunsa ngati akuona thupi lake ngati chitumbuwa choti n'kuthiramo mafuta. Ndinamufunsa wamubaya ndani. Anati mayi wina wodutsa, dzina sakulidziwa. Bodza lake linali losaphika n'komwe.

Ndinatenga pepala kuti ndimulembere kalata ya ku chipatala cha ku boma, chifukwa chimene ndinaonacho sichinali cha msinkhu wathu. Anandigwira dzanja lolembera.

"Anesi, ku boma amafuna wodikirira wodwala. Adzapita ndi a Zimba, ndipo adokotala adzafunsa pamaso pawo mankhwala amene ndikumwa. Mukalemba kalatayo mwandithetsera banja. Ndichizeni konkuno, ndizibwera tsiku lililonse."

Anandiuza kuti a Zimba anali atayamba kale kumufunsa chimene chikumudya kumbuyoku, ndipo apongozi ake aakazi anali atamuyang'ana kawiri kumjigo. Ndinamulonjeza kuti sindiuza munthu. Ndinatsuka balalo, kumubaya mankhwala amene tinali nawo, ndipo m'buku ndinalemba kuti chithupsa.

Masana omwewo a Kamanga anatsegula kabati kuti awerenge katundu, monga ankachitira Lolemba loyamba mvula ikayandikira. Mabokosi awiri a majekeseni akuluakulu anali opanda kanthu, atabwezedwa pamalo pake mwaluso, kukamwa kwake kutaloza kukhoma. Anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti kiyi amasunga ndani. Ndinati ndine. Anati akudziwa, amangofuna amve ndi pakamwa panga. Pomwepo ndinakumbukira kuti kumapeto kwa Okutobala ndinachoka masiku atatu kukaima pamzere wa feteleza. Musandifunse kuti namwino wa boma anaipeza bwanji kuponi, nanunso munadya chimanga chake. Masiku atatu amenewo kiyi ndinamusiyira Nabanda, kuti a Kamanga asazindikire kuti ndachoka. Koma maganizo amenewo ndinawakankha. Ndinati Nabanda ayi.

Lachiwiri

Munthu ukakana kuona chapafupi umathamangira chakutali. Pa sitolo za pamsika panali Che Amidu, Msilamu wachikulire wogulitsa chilichonse kuyambira misomali mpaka zodzola. Pa shelefu yawo panali timabotolo tojambulidwa akazi a mbina zikuluzikulu. Nditamaliza kupereka mankhwala ndinapita kumeneko nditavala yunifolomu, mtima uli m'mwamba, n'kuyamba kuwanena pamaso pa makasitomala kuti akupha akazi a eni. Bambo aja sanakweze mawu. Anadikira anthu atuluke, anandipatsa mpando, n'kundiuza kuti zodzolazo n'zopaka pakhungu, sizikulitsa kanthu, ndipo aliyense wogula amamuuza zomwezo koma samva. Singano sanagulitsepo chibadwire.

Kenaka anandifunsa ngati mafuta a makanda aja akukwanira ku chipinda cha amayi oyembekezera. Ndinati mafuta ati? Anati amene amadzatenga Nabanda, mabotolo anayi kapena asanu pa mwezi, ponena kuti atumidwa ndi anesi. Anali atadabwa kuti ana akubadwa ochuluka bwanji chaka chino. Ndinatuluka m'sitolomo osatsanzika, manyazi ndi mantha zitandigwira pamodzi. Mpaka lero sindinawapepese bambo amene aja.

Esnati anabwera monga analonjezera. Kutupa kunali kutatsikira ku ntchafu. Ndinatsukanso, ndinabayanso, ndinalembanso kuti chithupsa.

Lachitatu

Nabanda ndinamupeza kuseri akuyanika mabandeji. Ndinkayembekeza kuti akana kapena alira. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anapitiriza kuyanika, n'kundiuza kuti amayiwo anali asanu, ndipo sanakakamize aliyense, ankachita kumutsatira okha kunyumba. Anati singano amawiritsa bwinobwino monga ndimachitira ine, ndipo pobaya amasankha malo omwe ndimabaya ine. Ndinamuuza kuti ndi mfiti, kuti mfiti yeniyeni ili bwino chifukwa siimba nawe kwaya. Apo m'pamene anatembenuka.

"Inu mumawapatsa mankhwala owalemba chizindikiro kumbuyo kuti mudzi wonse uziwerenga, mukatero mumvekere bola moyo. Moyo wake uti, woti amuna azikukodolerana pamzere? Ine ndawapatsa chimene amapempha. Kaneneni kupolisi. Akandifunsa ndidzatchula onse asanu ndi matenda awo, ndi amene anandipatsa kiyi."

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake unali ine. Zaka zanga za ntchito zinali zitatsala zisanu. Iwe Mphatso unali fomu 3, iwe Chikondi utangoyamba kumene ku koleji. Namwino amene wapereka kiyi wa mankhwala kwa wosesa, majekeseni ake n'kukavulaza anthu, amatha kuchotsedwa ntchito chimanjamanja. Ndinamulanda majekeseni otsala n'kumulumbiritsa kuti sabayanso munthu. Kwa a Kamanga sindinanene kanthu. Iwo anali atayamba kundizonda mpaka kumpopi, ndipo ine ndinkawazondanso kuti ndione ngati alemba kalata.

Lachinayi

Esnati anafika dzuwa litakwera, akukoka mwendo, thupi lili moto. Anati phazi sakulimva bwino, likuchita ngati si lake. Ndinadziwa tanthauzo lake. Mafinya anali atafika pa mtsempha waukulu umene umatsika kuchokera m'thako kukafika kuphazi. Wophunzira wa chaka choyamba akanadziwa kuti munthu ameneyu akufunika mpeni wa dokotala tsiku lomwelo. Ndinamuuzanso za ku boma, koma ndinanena mofewa, ngati munthu amene akufuna kukanidwa. Iye anakanadi, n'kundikumbutsa lonjezo langa. Ndinapuma mpweya wa mpumulo, Mulungu andikhululukire. Ndinadziuza kuti chinsinsi cha wodwala n'chopatulika, kuti tinachita kulumbira pa zimenezi, kuti mawa mankhwala agwira. Anabwerera kwawo atakwezedwa pa njinga, atagonera chammbali pa kaliyala.

Lachisanu

Sanabwere. Ndinadikira mpaka teni koloko, ndikutulukatuluka kuyang'ana kumsewu. Kenaka ndinalowa mu ofesi ya a Kamanga, ndinamasula kiyi m'chiuno n'kumuika patebulo, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira pamzere wa feteleza mpaka mabandeji a Nabanda. Ndinkayembekeza chimphepo. Iwo anangofunsa kuti wodwalayo ndinamuona liti koyamba. Nditati Lolemba, anavula magalasi n'kutseka maso. Anandibwereka njinga yawo, imene sankabwereka munthu, n'kunena kuti nkhani ya kiyi tidzakamba, panopa ndithamange.

Esnati ndinamupeza atagona chafufumimba m'chigafa cha fodya, chifukwa m'nyumba fungo linali litakula. Apongozi ake anali atamumata masamba osinja pa balalo. Esnati ankayankhula zosamveka, koma anandizindikira, ndipo anayesa kupukusa mutu. Ndinamuuza kuti lonjezo lija latha. A Zimba anali kudambo akuthirira nazale ya fodya. Ndinawatsatira komweko, ndinagwada monga mwa mwambo, n'kuwauza kuti akazi awo akapanda kufika ku boma lero, Lamulungu tikhala tikuimba nyimbo za maliro. Anafunsa kuti chithupsa chingaphe munthu bwanji. Ndinawauza kuti si chithupsa, anabayidwa mafuta kuti matako abwerere. Anafunsa kuti anaphwa ndi chiyani poyamba. Ndikanatha kuzemba, koma ku boma akanamva ndithu, ndipo madokotala ankayenera kudziwa mankhwala amene ali m'thupi mwake. Ndinawauza.

Anaika keni pansi pang'onopang'ono, madzi akutayikira pa mapazi awo.

"Zaka zingati?"

"Zitatu."

"Ndipo inu anesi mumandipatsa moni pamsika zaka zitatu zonsezi."

Anakamanga ng'ombe pa ngolo, tinamugoneka Esnati pa matiresi, ulendo wa kumsewu wa tala. Kumeneko tinapeza matola. M'kalata ndinalemba zoona zokhazokha, ndi tsiku limene ndinaona balalo koyamba.

Disembala 2009 mpaka 2010

Dokotala wa opaleshoni ku boma anali wachinyamata, woti n'kukhala mwana wanga, koma anandiimika m'khonde ngati mwana wa sukulu. Anandifotokozera kuti mafuta akalowa m'mnofu sapopeka, amamwazika ngati mmene amachitira pa nsalu, ndipo njira yake ndi kudula mnofu wonse umene alowamo. Anati ngakhale kunja, kumene anthu amachita zimenezi m'zipatala zenizeni, palibe njira yopanda ngozi. Ena amawapopa mafuta a pamimba pawo n'kuwaika kumbuyo, koma mafutawo akalowa mumtsempha wa magazi amathamangira ku mapapo munthu n'kufera patebulo. Ena amawaika timatumba tofewa m'kati mwa mnofu, ndipo timatha kusuntha, kapena bala lake kuola, n'kufunika kung'ambanso. Za jekeseni wa mafuta a m'botolo anati imeneyo si njira n'komwe, ndi kudzikumbira manda. Pomaliza anayang'ana kalata yanga, n'kuloza ndi chala pamene ndinalemba kuti Lolemba. Anati akanabwera tsiku limenelo, kapena Lachiwiri, mwendo ukanapulumuka.

Esnati anamudula mnofu katatu. Anagona chafufumimba miyezi iwiri. Moyo unatsala, koma mbali ya kumanja kunatsala dzenje lolowa chibakera, ndipo phazi linafooka osadzukanso.

Nabanda sanadikire apolisi. Loweruka lomwelo nyumba yake inapezeka yotseka, ndipo tinangomva kuti anawolokera ku Zambia kwa abale ake. Mayina sanatchule. Amayi anayi otsalawo ndinawafufuza ndekha mwakachetechete. Awiri anangotsala ndi zibulu zolimba zimene zimawapweteka kukazizira, mmodzi anakadulidwa pang'ono, wina palibe chimene chinamuchitikira, ndipo ameneyo ankandida chifukwa chothamangitsa dokotala wake. Ine ndinaitanidwa ku boma, ndinalandira kalata ya chenjezo, n'kusamutsidwa. A Kamanga, munthu amene ndinkamunena tsiku lililonse, analemba m'lipoti lawo kuti ndinadziulula ndekha, ndipo mawu amenewo ndi amene anandisungira ntchito.

A Zimba anamudikirira Esnati m'chipatala mpaka kutuluka, osadumpha tsiku. Atatuluka anamukweza pa ngolo yomwe ija n'kukamutula kwa amayi ake, ndi ana ndi mapoto ake. Anafotokozera akuluakulu a mpingo chifukwa chake, ndipo pofika Lamulungu dera lonse linali litamva. Chaka chotsatira dzina lake silinapezeke pa mndandanda wa makuponi, kwa amuna ake kapena kwawo. Patangopita zaka zochepa kunabwera mankhwala atsopano osaphwetsa thupi. Tsiku limene ndinatsegula katoni yoyamba ndinalira, anzanga n'kumaganiza kuti ndi chimwemwe.

Zaka zonse zotsatira ndinkadziimba mlandu umodzi: kuti ndinaulula chinsinsi cha wodwala, ndinaphwanya lumbiro langa, ndinathetsa banja la mwini. Ndinkadzitonthoza kuti ndinachita zimenezo populumutsa moyo. Pophunzitsa anamwino achichepere ndinkaikamba nkhaniyi, osatchula dzina, ngati chitsanzo cha chisankho chovuta. Ankandiyang'ana mwaulemu, ndipo ndinkakonda mmene ankandiyang'aniramo.

2016

Ndinali nditapuma kale ntchito pamene ndinakumana ndi Esnati mumsika wa pa Kasungu. Ndinkafuna tomato. Ndinamva mawu akuti anesi, ndipo nditatembenuka ndinamuona ali kuseri kwa benchi lake, atatsamira ndodo, atanenepa bwino, masaya atadzaza. Ndinafuna kunamizira kuti sindinamve, koma anali atandikodola kale. Tinalonjerana. Anati ana akula, wamkulu ali ku sekondale. A Zimba anamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, atakana kukayezetsa mpaka mapeto. Anazinena ngati akunena za mvula ya chaka chatha.

Ndinaona kuti mpata ndi womwewu. Ndinamuuza kuti kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikufuna kumupepesa chifukwa choulula kwa amuna ake, nditamulonjeza ndi pakamwa panga. Anandiyang'ana ngati ndayankhula chizungu.

"Za a Zimba musavutike nazo. Banja lija linali litatha kale, ndinkangolisenza. Koma poti mwayamba nokha, ndikufunseni. Lolemba lija mafinya munawaona ndi maso anu. Ine ndinali wodwala, wamantha, sukulu ndinalekeza sitandade 4. Inu munali ndi mapepala. Munamveranji za ine?"

Ndinati ndinkalemekeza lonjezo.

"Lachisanu munaliphwanya bwinobwino lonjezolo, dziko silinagwe. Chinakuletsani Lolemba n'chiyani? Za kiyi tinamva tonse, anesi. Masiku anayi aja munkasunga ine, kapena penshoni yanu?"

Sanakweze mawu. Kunabwera mayi wina wofuna anyezi, iye anatembenuka kukamuthandiza, akukoka phazi lija pansi. Ndinaima pamenepo ndi jumbo yanga m'manja mpaka ndinazindikira kuti ndikutsekereza makasitomala, ndipo ndinachoka osamuyankha.

Yankho ndinali nalo, pakamwa m'pamene panalibe. Ndikulilemba pano kuti mulidziwe ndisanafe. Lolemba m'mawa ndinkasunga Esnati. Kuyambira masana a tsiku lomwelo mpaka Lachisanu ndinkasunga penshoni. Malata a nyumba ino anagulidwa ndi penshoni imeneyo, ndipo Esnati akukokabe mwendo wake wa kumanja.